Kukwawira Mabesi

Chibokosi chija wachikweza pa sofa,
pamalo pake penipeni,
pamene thako lake lakumba dzenje zaka khumi ndi ziwiri.
Sabuwufa yakhala phee ngati mlendo wolemekezeka,
mwini nyumba ali chogwada pa kapeti.

Akuti odziwa amatero:
sipika uyiike pokhala iwe,
iweyo upite kokhala sipika,
ukwawe m'mbali mwa khoma, khutu lili tcheru,
mpaka upeze pamene mabesi akumveka okoma.
Pamenepo ndiye kwawo kwa chibokosi.

Orrin wanga bondo lamanzere ndi lachitsulo.
Ndamukumbutsa. Sanandimve.

Kunja sinowo yakwirira Duluth yense,
galimoto ya a Tuominen yangotsala denga.
Ife tili m'chipinda cha pansi pa nyumba,
nyimbo imodzimodziyo ikubwerezedwa kachisanu ndi chitatu,
gitala ya besi ikukwera ndi kutsika makwerero ake.

Zaka makumi atatu anagwira ntchito pa doko,
miyala ya chitsulo ikukhuthukira m'mimba mwa sitima,
ndipo phokosolo linamudya makutu kuyambira pamwamba.
Zinayamba kusowa ndi mbalame.
Kenako likhweru la ketulo,
belu la pakhomo,
kenako ine.
Zamutsalira ndi zapansi zokha:
bingu, hutala ya sitima ikamalowa pa mlatho,
chitseko cha galaja.
N'chifukwa chake sindinakangane naye za mtengo wake.

Pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba
mabesi afufuma, angoti wuuu ngati njuchi m'chitini.
Pansi pa masitepe, zii,
ngati wina wawabisa m'thumba.
Pa windo laling'ono galasi likunjenjemera,
mabotolo anga a jamu akugundana mano pa shelefu.
Paliponse akumata kachidutswa ka tepi yabuluu
n'kulembapo ndi pensulo: ayi. Ayi. Mwina. Ayi.
Galu wathu Pekka akumutsata pambuyo,
kudabwa kuti bwana wasanduka mnzake liti.

Marlys, tabwera undimverere,
makutu angawa akundinamiza.

Ndavula masilipasi. Ndagwada.
Akulu awiri, adzukulu asanu,
tikukwawa mosiyana njira ngati ana ofuna ndalama yogwa,
iye chakumakina ochapira, ine chakufiriji.
Fumbi lomwe ndapeza kuseri uko
ndisalitchule.

Ndiye pakati pa firiji ndi bokosi la zokongoletsa za Khirisimasi,
pakona pomwe sindinayambe ndaikapo mutu chikwatiwire,
nyimbo ija yangowongoka.
Chingwe chilichonse cha gitala chaima pachokha,
chonenepa koma chosatupa,
chikundigunda pa nthiti mwaulemu.

Nkhope ili kukhoma, ndanena chapansipansi,
mawu ochokera pachifuwa, osakuwa:
Pano.

Watembenuka.
Kuchokera kutsidya kwa chipinda, msana ali kwa ine,
watembenuka.
Kamodzi kokha, osati katatu monga mwa masiku onse,
osati mpaka nditamukoka malaya.

Wati chiyani?
Ayi, ndamva. Tanenanso basi.

Ndanenanso. Ndawonjezera zina
zimene ndinasiya kunena chifukwa sizikoma pokuwa.
Zina za mpopi wodontha. Zina ayi.

Tachikoka chibokosi tonse awiri, kapeti ikukwinyika,
ndipo waya wapelewera ndi chikhatho chimodzi.
Sitolo yatseka kale, msewu sunakumbidwe.
Filimu ya sitima zapamadzi imene anakonzera usiku uno
idikira mawa.

Takhala pansi pakonapo, misana kukhoma lozizira,
aliyense kudikira mnzake ayambe kudzuka.
Bondo lake lakana. Langanso likuganiza kaye.
Pekka wakwera pa sofa, walowa m'dzenje lija,
wagona.

Orrin wang'amba tepi ina,
wafunafuna pensulo m'matumba onse, osaipeza,
wangoimata pa phewa langa yosalemba kanthu.